Njira za njinga za ku Nkhudzi zili ndi eni ake kale

Ku France kuli njira ya njinga yotchedwa La Loire à Vélo, yotalika pafupifupi makilomita 900, yomwe imatsata mtsinje wa Loire mpaka kukafika kunyanja ya Atlantic. Munthu ukamva kutalika kwakeko umaganiza kuti boma lakumeneko linakhuthula ndalama zankhaninkhani pomanga msewu watsopano. Zigawo zina anamangadi, koma mbali yaikulu ndi timisewu takale ta m'midzi tomwe simudutsa galimoto zambiri. Anangotilumikiza, n'kuika zikwangwani zosonyeza kolowera komanso mtunda womwe watsala kuti ufike pamudzi wotsatira. Malo ogona omwe ali pafupi ndi njirayo amapatsidwa chizindikiro cha Accueil Vélo akakhala ndi posungira njinga ndi zida zokonzera. Anthu amachoka m'mayiko ena kukangopalasa njinga pakati pa minda ya mphesa, ndipo ndalama zawo zimatsala m'midzi yomwe adutsamo.

Ndikukamba za France koma mtima wanga uli ku Nkhudzi, m'mbali mwa nyanja yathu, pakati pa boma la Mangochi ndi Monkey Bay. Msewu wa phula wolumikiza malo awiriwa ndi wa makilomita oposa 60, ndipo umadutsa Namiasi, Maldeco, Nkopola ndi Makawa. Ukamalowera kumpoto, nyanja imakhala kudzanja lamanja, koma uli m'galimoto sumaiona kawirikawiri. Pakati pa phula ndi madzi pali njira zafumbi zopita kumadoko, ndi tina ting'onoting'ono tolumikiza mudzi ndi mudzi, tokhotakhota m'milambe ndi m'migwalangwa. Dera lake ndi lachidikha, kupatula mapiri ngati la Nkhudzi omwe angoti tuu pafupi ndi madzi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kunja kumazizirira, ndipo ngati wachokera ku Mangochi, mwera umakukankha kumsana. Amene anapalasako nthawi imeneyi m'mawa, utsi wowamba nsomba ukufuka ndipo usipa ukuyanikidwa pathandala, akudziwa chomwe ndikunena.

Choncho njira zabata tili nazo. Koma nkhani ya zokopa alendo ikangoyamba, timalankhula ngati njirazi zili zopanda anthu, zikungodikira mlendo wovala chisoti ndi kabudula wothina. Pamenepa ndiye sindigwirizana ndi anzanga ena. Njira zimenezi zimadzuka mbandakucha. Mumadutsa wogula nsomba ali ndi dengu pakeliyala akuthamangira msika, mayi wanyamula matumba a chimanga kupita kuchigayo, mwana wa sekondale, wamakala yemwe katundu wake wamuposa msinkhu, ndi wakabaza yemwe wanyamula wodwala. Anthu amenewa amadziwa pomwe mchenga umameza tayala, pomwe minga imaboola chubu, ndi mtsinje womwe suwolokeka mu Febuluwale. Mapu a njira za njinga a dera lino alipo kale, kungoti ali m'mitu mwawo.

Vuto n'lakuti njinga yakapalasa timaiona ngati chizindikiro cha umphawi. Mzungu akamapalasa timati akulimbitsa thupi, koma Mmalawi mnzathu akamapalasa timati zinthu sizikumuyendera. Ngakhale pakati pathu ophunzira, loto la aliyense ndi kukafika kumudzi pagalimoto, magalasi atatseka. Sindikunyoza loto limeneli, nanenso ndili nalo. Koma maganizo omwewa ndi amene amalowa m'maofesi momwe amajambula misewu, ndipo zotsatira zake timaziona: msewu umamangidwira galimoto, wanjinga n'kumangopemphetsa malo m'mphepete. Lole kapena minibasi ikaliza hutala kumbuyo, iye amathawira mumchenga, katundu ndi wokwera yemwe. Kumapeto a sabata, pomwe a ku Blantyre ndi Lilongwe akuthamangira kunyanja dzuwa lisanalowe, ndiye zimanyanya.

N'chifukwa chake ndikuti ngati khonsolo ya Mangochi kapena unduna woona zokopa alendo ungaganize zokhazikitsa njira ya njinga kuchokera pa boma, kudzera ku Nkhudzi mpaka ku Cape Maclear, oyamba kufunsidwa akhale akabaza ndi ogula nsomba. Kathanthwe kamodzi pakamtsinje komwe kamadula njira nthawi yadzinja kangathandize mlendo kamodzi pachaka, koma mwana wasukulu kangamuthandize tsiku lililonse. Chimodzimodzi kuthira dothi lolimba pamalo a mchenga wambiri. Sindikupempha phula m'njirazi ayi. Phula likangofika, galimoto ndi njinga zamoto zimatsatira ndi liwiro lake, bata lija n'kutheratu.

Akabaza a njinga zakapalasa akuvutika kale chibwerereni njinga zamoto, zomwe zawalanda makasitomala. Ameneyu ndi munthu woti akhoza kubwereketsa njinga, kutsogolera alendo, ndi kumata chubu pansi pa mtengo m'mphindi zochepa. Amadziwanso zomwe chikwangwani sichingakuuze. Midzi yambiri kuno ndi ya Ayao, ndipo mizikiti ndi yambiri. Iye ndi amene angakuuze kuti Lachisanu masana usadutse mwaphokoso pafupi ndi mzikiti, kuti doko ili ndi losambira amayi ndiye kamera ibwerere m'chikwama, kuti njira iyo ikupita kumanda, kapena kuti uko kuli ndagala, anyamata ali kujando. Mlendo wopanda womutsogolera amalakwitsa zonsezi tsiku limodzi.

Taganizaninso za momwe ndalama zimayendera. Wapagalimoto amagula zonse mumzinda, n'kudutsa midzi yonse osaima, mpaka geti la loji litamutsekera mkati. Mwina amatsitsa galasi kamodzi kufunsa mtengo wa chambo kapena mkeka. Wapanjinga sangatero. Ludzu limamuimitsa pagolosale, njala imamulowetsa mutiyirumu, tcheni chikaduka amafuna wokonza. Amagula thobwa, zitumbuwa, malambe. Ndi ndalama zochepa, inde, koma zimagwera m'manja mwa anthu omwe zokopa alendo zakhala zikuwadutsa pakhomo kwa zaka zambiri.

Pali china chomwe njira yotereyi ingaulule, ndipo mwina n'chifukwa chake ena sangaikonde. Ukayesa kutsata gombe panjinga, supita patali usanakumane ndi mpanda. Makoteji ndi malo ogona alendo atenga zigawo zazitali za gombe, ndipo m'malo ena anthu a m'mudzi anangotsala ndi kampata kopapatiza kopitira kumadzi kukachapa ndi kukatunga. Pagalimoto zimenezi suziona. Panjinga umachita kubwerera, n'kuzungulira. Kuika njira pamapu a boma ndi kuiikira zikwangwani ndi kunena poyera kuti apa ndi podutsa aliyense, ndipo wogula malo mawa sangangodzuka n'kutsekapo. Kwa ine phindu limeneli likuposa la alendo.

Ena anena kuti ndikufanizira zosafanana. France ndi dziko lolemera, anthu ake ali ndi tchuthi cholipidwa, ndipo mpikisano wa Tour de France unayamba kale mu 1903, chaka chomwe nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria inamangidwa ku Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi. Zoonadi. Anenanso za kutentha kwa Okutobala, ndipo pamenepo sindingatsutse: masana a mwezi umenewo ngakhale mbuzi zimabisala. Koma nakonso ku Loire anthu sapalasa kwambiri nthawi yachisanu. Njira iliyonse ili ndi nyengo yake.

Nkhawa yomwe ndimaiona kuti ndi yolemera ndi ina: kuti midzi ingasanduke malo oonerera umphawi, alendo akujambula ana opanda nsapato, anawo n'kuphunzira kuthamangira njinga iliyonse akupempha ndalama. Zimenezi zimachitika kale m'malo ena m'mbali mwa nyanja. Mankhwala ake ndi omwe aja: mafumu a m'madera a T/A Mponda ndi T/A Nankumba ndi anthu awo anene okha kuti njira idutse pati ndipo isadutse pati. Komanso alendo oyamba tikhale ife. Ophunzira timachita maulendo a kunyanja chaka ndi chaka, timabwereka basi, timafika, timavina, timabwerera osadziwa dzina la mudzi ngakhale umodzi womwe tadutsa. Tsiku limodzi lokha la ulendo wotere likanakhala la njinga zobwereka kwa akabaza, bwenzi tikubwerako ndi nkhani zina.

Zoona m'njira sizikusowa. Pa boma pali nsanja ija, mfuti ya sitima ya Gwendolen yomwe inachita nawo nkhondo panyanjayi mu 1914, ndi chikumbutso cha anthu omwe anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Phiri la Nkhudzi ndi gawo la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, zaka 16 chigwa cha Loire chisanalowe pamndandanda womwewo. Ambiri dzina la Nkhudzi analimva koyamba chifukwa cha mkangano wa thanki ya madzi yomwe inamangidwa paphiripo, osati chifukwa cha kukongola kwake. Ku Monkey Bay ndi kwawo kwa sitima ya Ilala. Ukapatuka pang'ono usanafike ku Monkey Bay, pali makilomita pafupifupi 18 okwera ndi kutsika m'mapiri, anyani akukuyang'ana m'mbali mwa msewu, mpaka kutulukira ku Chembe, kufupi ndi manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika mu 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881. Chigawo chimenechi ndi cha amiyendo yolimba ndi mabuleki ogwira.

Poyambira sipofuna ngongole yakunja. Ophunzira angapo a mbiri ndi a za malo, akabaza asanu a pa Makawa kapena pamphambano ya ku Nkhudzi, foni yojambula njira, ndi tchuthi chimodzi cha mwezi wa Julayi. Mayina a madoko ndi a midzi alembedwe monga eni ake amawatchulira, ndipo mapuwo akatha, oyamba kuwaona akhale mafumu, kenako khonsolo.