Wati safuna mwana, timumve kaye

Mnzanga wina wa ku Luwinga, mphunzitsi wa zaka 34, analemba pa Facebook kuti iye sadzabereka. Sakudwala ayi, wangosankha. Dzuwa lisanalowe anthu anali atamuwunjikira mafunso. Adzakusunga ndani ukadzakalamba? Adzakuika m'manda ndani? Ena anangoti ndi zachizungu. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ambiri omunyozawo anali amayi anzake, ndipo mawu amene anathamangira ndi akuti chumba.

Palibe amene anafunsa kuti mayiyu wadutsa muzotani. Ine ndikudziwa. Makolo ake anamwalira iye ali Fomu 2, n'kumusiyira azing'ono ake anayi. Ankadzuka m'chisanu cha Juni, chifunga chili tolo, kuphika phala, kusambitsa wotsiriza, n'kumubereka kumsana mpaka kukamusiya kwa aneba. Malipiro ake oyamba onse anathera ku fizi. Lero akuti walera zokwanira, ndipo ine sindikuona pomutsutsa.

Kuno kumpoto nkhaniyi ndi yolemera chifukwa cha malowolo. Ng'ombe kapena ndalama zikaperekedwa, akuchimuna amayamba kuwerenga miyezi, ngati kuti analowola mimba osati munthu. Chaka chikatha phee, apongozi amafunsa kuti mphatso ifika liti. Ngakhale dzina la ulemu limachedwa, chifukwa mayi amalemekezeka akayamba kutchedwa amake uje.

Komatu mabanja asintha kale. Kafukufuku wa boma wa mu 1992 anapeza kuti mayi wa m'Malawi ankabereka ana pafupifupi 7, koma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza ana anayi ndi kupitirira pang'ono. Tinavomera kuti mayi apite kuchipatala kukatenga njira yolera n'kulekeza pa ana awiri. Nanga bwanji timakwiya wina akati iye safuna ndi mmodzi yemwe?

Ineyo ndili ndi ana ndipo ndimawakonda. Chimene ndingapemphe kwa mtsikana wa maganizo otere n'chakuti amuuze bwenzi lake msanga, ankhoswe asanakumane, kuti wina asadzati ananamizidwa.

Koma inu azakhali ndi alangizi, dziwani kuti mawu amene mumaponyera wosankhayo amalasanso mayi amene wayenda m'zipatala ndi kwa asing'anga zaka khumi kufuna mwana, amene amawerenga zonsezo pafoni pake ali chete. Mukakumana ndi mnzangayu mumsika, mupatseni moni, mufunseni za azing'ono ake aja, ndipo lekani kumuyang'ana pamimba.