Mjigo ukauma mu Okutobala: zomwe zikuchitika pansi pa nthaka ya ku Kasungu

Anthu a m'midzi ya ku Kasungu amaudziwa bwino mjigo wa mu Okutobala. Umatulutsa madzi m'mawa, koma dzuwa likakwera umayamba kutsokomola mpweya, ndipo ndowa imene mu Meyi imadzadza msanga imafuna kupopa mpaka mapewa kuwawa. Mzere ukatalika, amayi ena amasenza ndowa zawo n'kulunjika ku dambo, kumene kuli zitsime zosavindikira zomwe alimi amathiririra nazale za fodya. Ulendo wa ku dambowo ndi umene umachititsa kuti nkhani ya madzi a pansi pa nthaka ikhale ya zaumoyo, chifukwa matenda otsekula m'mimba, tayifodi ndi kolera amayenda ndi madzi oterowo.

Madziwo amakhala pati?

Ambiri timaganiza kuti pansi pali mtsinje kapena nyanja imene wokumba mjigo amaibowola. Ku chigwa cha Kasungu si choncho. Pansi pali thanthwe lakale kwambiri, ndipo pamwamba pake pali mwala umene unafumbutuka pang'onopang'ono n'kusanduka dongo, mchenga ndi timiyala. Madzi amakhala m'timipata ta dothi limeneli komanso m'ming'alu ya thanthwelo, ngati mmene amakhalira m'chinkhupule. Malo ambiri gawo losunga madzili silipitirira mamita makumi ochepa kuya kwake. Ubwino wake ndi wakuti limapezeka pafupifupi paliponse, n'chifukwa chake mijigo ya Afridev yafalikira m'midzi. Kuipa kwake ndi kwakuti limatulutsa madzi pang'onopang'ono, okwanira mjigo wopopa ndi manja koma nthawi zambiri osakwanira pampu yaikulu.

Nkhokwe imeneyi imadzadzidwa ndi mvula ya dzinja yokha, ndipo gawo laling'ono chabe la mvulayo ndi limene limalowa pansi. Madzi amakwera kufikira cha mu Marichi kapena Epulo, kenako amatsika chilimwe chonse mpaka mvula ibwere.

Mtsinje ndi mjigo zimamwa mbiya imodzi

Dziko lino linagawidwa m'zigawo 17 potengera mitsinje ikuluikulu, ndipo boma la Kasungu lili m'zigawo za Bua ndi Dwangwa. Mu 2019 akatswiri a pa University of Strathclyde ya ku Scotland, mogwirizana ndi a boma la Malawi, anafalitsa kafukufuku wa mitsinje ya Bua ndi Rusa. Anapeza kuti m'chilimwe madzi oposa 90 pa 100 aliwonse oyenda m'mitsinjeyi amachokera pansi pa nthaka. Kunena mwachidule, madzi amene mumawaona pa mlatho wa Bua mu Seputembala ndi omwewo amene mjigo wa pasukulu umakoka. Mukapopa kwambiri kumtunda, dambo limauma msanga, ndipo mtsinje umaphwa msanga.

Mfundoyi si yatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a British Geological Survey anagwira ntchito ndi boma m'chigawo cha Bua, makamaka kuzambwe kwa Dowa, ndipo zambiri zimene tikudziwa za dothi losunga madzili zinachokera pamenepo. Chodandaulitsa n'chakuti ofufuza a 2019 anachita kugwiritsa ntchito kaundula wodukaduka, chifukwa zaka zina palibe amene ankalemba kuchuluka kwa madzi m'mitsinje. Zitsime zoyezera kutsika ndi kukwera kwa madzi apansi nazonso ndi zochepa m'dziko muno. Tikutapa m'nkhokwe yomwe sitikusuzumiramo.

Pamene anthu akuchuluka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 840,000 m'boma la Kasungu. Nazale za fodya zimafesedwa cha mu Ogasiti ndi Seputembala ndipo zimafuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku, nthawi yomweyo imene madzi apansi akutsika. Tsopano kwabwera mapampu oyendera dzuwa, omwe athandiza zipatala, sukulu ndi alimi amthirira, ndipo palibe angatsutse zimenezo. Koma dzanja la munthu limatopa, pomwe pampu ya sola imakoka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ikaikidwa pa chitsime chimene anachikumbira mjigo wamanja, popanda kuyeza kaye mphamvu yake, imatha kuchiumitsa pamodzi ndi zitsime zoyandikana nacho.

Za mitengo tisafulumire. Ndi zoona kuti zigafa ndi fodya woumitsa ndi moto zadya nkhalango zambiri ku Kasungu, ndipo nthaka yosiyidwa pambalambanda imalimba, mvula n'kumangothamanga pamwamba ndi kukokolola dothi kupita nalo m'madamu. Komabe mitengo nayo imamwa madzi, makamaka bulugamu wobzalidwa m'mphepete mwa dambo. Kubzala mitengo kokha sikungadzadze mjigo. Mizere yotsata akalozera, kuphimbira nthaka ndi mapesi ndiponso kusiya madambo osalimidwa mpaka m'madzi kumathandiza kuti mvula ipeze nthawi yolowa pansi.

Madzi oyera m'maso

Madzi a pa mjigo nthawi zambiri ndi abwino kuposa a pachitsime chosavindikira, koma kuyera m'maso si umboni. Chimbudzi chokumba chikayandikira, kapena simenti ya pa mjigo ikang'ambika, tizilombo timalowa, makamaka mvula yoyamba ikagwa. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikire mamita osachepera 30 ndipo chikhale kumunsi kwa mjigo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo unafika m'maboma onse.

Palinso zimene kolorini sangachotse. Feteleza ndi zimbudzi zimawonjezera nitrate, yemwe ndi woopsa kwa makanda akapitirira mamiligalamu 50 pa lita. Miyala ina imatulutsa fluoride, amene amadetsa mano a ana ndipo akachuluka kwambiri amawononga mafupa. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, pomwe mlingo umene Malawi wakhala akugwiritsa ntchito pa mijigo ndi 6. Kuzambwe kwa Dowa, m'chigawo chomwechi cha Bua, kunapezeka zitsime za madzi owawa chifukwa cha mchere wochokera m'miyala. Madzi akawawa kapena akamafiiritsa nsima ndi zovala, anthu amausiya mjigo uli bwinobwino n'kubwerera ku dambo.

Lamulo lilipo

Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limapereka zilolezo zokumba mijigo ndi kutunga madzi ambiri, komanso kulembetsa makampani okumba. Vuto lili pa kutsatira. Mijigo yambiri imakumbidwa mothamanga, nthawi ya kampeni kapena ndalama za polojekiti zikatsala pang'ono kutha, ndipo wina amakumba m'dzinja, n'kulekera pamene wangopeza madzi oyamba. Mjigo wotero umasangalatsa pa tsiku loupereka, koma ndi umene umatsokomola mu Okutobala.

Komiti ya mjigo ili ndi ufulu wofunsa wokumba zinthu zitatu asanachoke: wakumba mamita angati, anapopa kwa maola angati poyesa mphamvu ya chitsime, ndipo zotsatira za kuyeza madzi zili kuti. Mapepala amenewa asungidwe m'mudzi, ena apite ku ofesi ya zamadzi ya paboma. Komiti ingathenso kumalemba m'kope, mwezi ndi mwezi, nthawi imene ndowa ya malita 20 imatenga kuti idzadze. Mjigo wabwino suyenera kupitirira mphindi ziwiri. Ngati chaka chino ukutenga zisanu mwezi umene chaka chatha unkatenga ziwiri, ndipo amakaniko aona kuti marabala ndi mapaipi zili bwino, ndiye kuti madzi atsika, ndipo a zamadzi ndi a zaumoyo adziwitsidwe anthu asanayambe kutsikira ku dambo. Amene atsikira kale athire Waterguard kapena kolorini wa kwa alangizi m'ndowa iliyonse, adikire mphindi 30, kapena awiritse madziwo asanamwetse mwana.