Chilango cha imfa chikudikira aphungu, osati oweruza

Mu 1950 boma la Britain linanyonga Timothy Evans pa mlandu wopha mwana wake wamkazi. Patangotha zaka zitatu, zinaululika kuti John Christie, yemwe ankakhala naye nyumba imodzi ku London, ankapha azimayi n'kubisa mitembo momwemo. Chikhululukiro cha Evans chinatuluka mu 1966, mwiniwake atagona kale m'manda.

Nkhaniyi inawawa anthu mitima, komabe Nyumba ya Malamulo sinapupulume. Mu 1957 inangochepetsa mitundu ya milandu yakupha yofikitsa munthu pa chingwe. Kenako phungu Sydney Silverman anabweretsa bilu yake, ndipo zipani zinamasula aphungu kuti aliyense avote momwe chikumbumtima chake chikumuuzira. Lamulo la 1965 linali loyesa chabe kwa zaka zisanu. Mu 1969 aphungu analikhazikitsa, ngakhale anthu ambiri m'dzikomo ankafunabe kuti wopha mnzake azinyongedwa. Milandu yotsala, monga youkira boma, anaichotsera chilangochi mu 1998.

Ulendowo unali wautali, koma pa sitepe iliyonse panali mkangano wapoyera komanso mayina a ovota.

Kuno ku Malawi zinthu zili pena. Chichokereni 1992 palibe wanyongedwa, koma chilangocho chikadali m'mabuku a malamulo. Amene akhala akuchigwedeza ndi oweruza. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linagamula kuti n'kulakwira malamulo oyendetsera dziko kulamula imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha popanda kumva zomwe zingamupepuzire chilango. Mu Epulo 2021 Khoti la Apilo linamveka ngati lathetseratu chilangochi, koma pofika Ogasiti oweruza ake anati sizinali choncho.

Chisokonezo chimenechi n'chipatso cha Nyumba ya Malamulo imene sinapange chiganizo chomaliza pa nkhaniyi. Khoti limayankha mlandu womwe labweretseredwa. Siliyendera mafumu, mipingo ndi mabanja oferedwa kukamva maganizo awo. Imeneyo ndi ntchito ya phungu.

Anansi anadzera njira ya aphungu: Zambia inathetsa chilangochi mu Disembala 2022, Zimbabwe mu Disembala 2024. Aphungu a ku Lilongwe ali ndi ufulu wogwirizana nawo kapena kukana. Chofunika n'chakuti bilu ifike m'Nyumbamo, zipani zisamange aphungu manja, ndipo ngati mantha alipo, lamulolo liyambe ndi zaka zoyesera monga anachitira ku Britain.