Mutu Umodzi Susenza Denga: Utsogoleri Wothandizana mu Arkidayosizi ya Lilongwe

Mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu unachokera pa kamangidwe ka nkhokwe ndi nyumba zozungulira, pamene denga limamangidwira pansi, kenako anthu ambiri n'kulinyamula kukaliika pamwamba. Ntchito imeneyi imafuna mphamvu komanso kumvana: onyamula amayamba apangana kolowera, ndipo amene mbali yake yalemera amanena, anzake n'kuima. Mu Mpingo wa Katolika wa mu Arkidayosizi ya Lilongwe mwambiwu umamveka kawirikawiri pakakhala ntchito yofuna ndalama kapena manja ambiri. Mbali ya kupangana ndi kumverana ndiyo sichedwa kuiwalika, chonsecho moyo wa maparishi a m'malokeshoni a mzindawu wagona pamenepo.

Mpingowu unafika m'chigawo chapakati ndi ansembe a chipani cha White Fathers, amene anatsegula mishoni ya Mua mu 1902 ndi ya Likuni mu 1903. Masiku amenewo zonse zinkachokera ku mishoni: sukulu, mankhwala, malamulo ndi ndalama. Akatekisi ndi aphunzitsi ankagwira ntchito yaikulu m'midzi, koma chogamula chinali m'manja mwa wansembe. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, unaphunzitsa kuti Mpingo ndi anthu onse obatizidwa, ndipo ku Lilongwe amene anayesa kuika chiphunzitsocho m'moyo wa tsiku ndi tsiku ndi Episkopi Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, amene anayamba kutsogolera dayosiziyi mu 1972. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anachititsa sinodi ya dayosizi imene inafunsa maganizo a akhristu kuyambira m'midzi mpaka pamwamba. Cholinga chake chinali Mpingo wodzidalira, wodzitumikira ndi wodzifalitsa wokha, ndipo chida chake chinali timagulu ta akhristu oyandikana nyumba, timene lero timatchedwa miphakati. Maepiskopi a bungwe la AMECEA, lomwe limasonkhanitsa mayiko a kum'mawa kwa Africa, anagwirizana mu 1976 kuti timagulu totere tikhale maziko a ntchito zaubusa m'chigawo chonse.

Zimenezi zinali ndi mtengo wake. Pa nthawi ya chipani chimodzi, anthu wamba osonkhana m'nyumba, kusankha okha atsogoleri ndi kukambirana za moyo wawo, ankakayikiridwa kuti akuchita ndale. Kalilombe anasemphana ndi boma la Dr Hastings Kamuzu Banda, anachoka m'dziko muno mu 1976, ndipo anatula pansi udindo wake mu 1979. Miphakati inatsala. Izi zokha zikusonyeza kuti ganizolo linali litamera mwa anthu, silinali la munthu mmodzi ayi.

Sinodi ija inatha chaka chomwe likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba, mu 1975. Kuyambira pamenepo mzinda wakula mofulumira, kufalikira m'midzi ya kwa Tsabango ndi madera ena ozungulira, moti kalembera wa 2018 anapeza anthu oyandikira miliyoni imodzi. Maparishi nawo achuluka: Utatu Woyera ku Kawale, Banja Loyera ku Chilinde, Don Bosco ku Area 23 kumene kuli ansembe a chipani cha Salesians, St Francis ku Area 25, ndi St Denis Ssebugwawo ku Chinsapo. M'matchalitchi amenewa Misa imodzi sikwanira pa Lamulungu. Wansembe amene akuyang'ana khamu lotere sangadziwe kuti ndani wagona ndi njala ku Mgona, ndani wadwala ku Biwi, kapena banja liti latsala pang'ono kutha. Amene amadziwa ndi mphakati.

Ntchito za mphakati n'zodziwika kwa aliyense wokulira m'Chikatolika. Akhristu amasonkhana pakhomo pa mmodzi wa iwo, amawerenga Mawu a Mulungu ndi kugawana zimene amva, amazonda odwala, amasonkhetsa mtulo, amasesa tchalitchi ndi kutsogolera mapemphero ikafika sabata yawo. Wofuna kubatiza mwana kapena kumanga ukwati amadzera ku mphakati kuti anzake amuchitire umboni. Maliro akagwa, amayi a mphakati ndiwo amayamba kufika, kuphika ndi kugona pa siwa, ndipo nthawi zambiri katekisi kapena mtsogoleri wa mphakati ndiye amatsogolera mapemphero mpaka kumanda. M'tauni, kumene munthu ali kutali ndi amalume ake ndi ankhoswe ake, mphakati umalowa m'malo mwa abale. Wochokera ku Rumphi ndi wochokera ku Nsanje amaikana maliro ngati a mtundu umodzi. Palibe ofesi ya dayosizi imene ingagwire ntchito imeneyi, ngakhale itakhala ndi ndalama zochuluka bwanji.

Funso lofunika ndi lakuti anthu amene amasenza zonsezi ali ndi mawu otani pamene zinthu zikugamulidwa. Malamulo a Mpingo a 1983 amalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi komiti yoona za chuma, ndipo amapatsa episkopi mphamvu yokhazikitsa khonsolo ya zaubusa m'parishi iliyonse. Malamulo omwewo amanena kuti oyang'anira chuma azifotokozera akhristu mmene zopereka zawo zayendera. Khonsolo ya zaubusa ndi yopereka uphungu, ndipo mawu omaliza amakhala a bambo mfumu. Apa ndi pamene ena amasokera. Uphungu umene wafunsidwa zinthu zitagamulidwa kale ndi mwambo chabe, ndipo anthu amazindikira msanga. Akaitanidwa kawiri katatu kudzangovomereza, amasiya kulankhula, kenako amasiya kubwera. Akale anati nkhanga zinapangana kusanapse: nkhani ya kumanga holo, kukweza mtulo kapena kugawa parishi iyenera kufika ku miphakati isanakhwime, pamene maganizo a mayi wogulitsa tomato pa msika wa Kawale angathe kusintha kanthu.

Chimodzimodzinso nkhani ya ndalama. Mpingo wodzidalira umene Kalilombe ankaufuna wafika ndithu, chifukwa thandizo la kunja latsika ndipo matchalitchi a m'tauni akumangidwa ndi zopereka za akhristu eni ake. Koma amene amapereka ambiri a iwo amadya za tsiku lomwelo: akabaza, ogulitsa makala, alonda, antchito za m'nyumba, ogwira maganyu m'mafakitale a ku Kanengo. Centre for Social Concern, bungwe la ansembe a White Fathers ku Area 25, lakhala likuwerengera mtengo wa zinthu zofunika pa banja mwezi ndi mwezi, ndipo ntchito yake yasonyeza kawirikawiri kuti malipiro a anthu wamba safika pa zosowa zawo. Munthu wotere akatapa pa ndalama ya ndiwo kuti apereke ku tchalitchi, ayenera kumva lipoti lomveka bwino, lowerengedwa poyera m'Chichewa, lonena zolowa ndi zotuluka. Lipoti lotere limatetezanso wansembe ndi msungichuma ku manong'onong'o, amene amawononga parishi kuposa umphawi.

Utsogoleri wothandizana suthera pakati pa ansembe ndi akhristu eni ake. Pakati pa akhristu pomwe pali akuluakulu ndi ang'onoang'ono. M'malokeshoni ambiri anthu ochuluka ndi a lendi, amene amasamuka mtengo wa nyumba ukakwera, ndipo chifukwa cha ichi maudindo amakonda kugwera eni nyumba, ophunzira ndi opeza bwino. Kukhazikika kwawo kumathandiza, koma mphakati umene wapampando wake sasintha kwa zaka zambiri umasanduka wa pakhomo pa munthu mmodzi, ndipo wosauka amachita manyazi kulandira msonkhano m'chipinda chake chimodzi. Amayi ndiwo amadzaza misonkhano, makwaya, Legio ya Maria ndi bungwe la amayi Achikatolika, koma chiwerengero chawo chimachepa pamene mipando ikukwera. Mwambo wa Achewa, eni dera la Tsabango, uli ndi phunziro pamenepa: mfumu imasankhidwa ndi mbumba, amayi akuluakulu ali ndi mawu olemera pa chisankhocho, ndipo mfumu siweruza mlandu popanda nduna zake. Achinyamata, amene ndiwo ambiri mumzindawu, nawonso amafunika mpando pamene pakukambidwa za bajeti, osangoitanidwa kudzanyamula mabenchi.

Walira mvula walira matope. Kupatsa anthu mawu kumabweretsa mikangano, misonkhano yotalika, timagulu pa nthawi ya zisankho, ndiponso atsogoleri ena amene amagwiritsa ntchito kalata ya mphakati ngati chikwapu, kukaniza mwambo wa maliro kwa wamasiye chifukwa cha ngongole ya mtulo. Mavutowa ndi enieni, ndipo wansembe wotopa angaganize kuti kuli bwino kugamula yekha. Mankhwala ake ndi maphunziro a atsogoleri, malire a zaka za udindo, ndi malamulo olembedwa amene aliyense akuwadziwa. Akatekisi, amene amasenza gawo lalikulu la kuphunzitsa ndi kutsogolera mapemphero, amafunika maphunziro obwerezabwereza ndi chithandizo chokwanira kusamalira mabanja awo.

Pamwamba pake dongosolo lilipo. Lilongwe inakhala arkidayosizi mu 2011 pansi pa Arkiepiskopi Rémi Sainte-Marie, amene analowedwa m'malo ndi Tarcisius Ziyaye mu 2013. Ziyaye atamwalira mu 2020, udindowu unaperekedwa kwa George Desmond Tambala mu 2021, ndipo mu 2023 Vincent Mwakhwawa anasankhidwa kukhala episkopi wothandiza. Dera lawo ndi lalikulu, lofika ku Mchinji, Dowa, Ntchisi, Salima ndi Nkhotakota, moti sangaliyendetse popanda ansembe, asisteri ndi makhonsolo a akhristu eni ake. Sinodi imene Papa Francis anaitsegula mu 2021 ndi kuitseka mu Okutobala 2024 inapempha kuti makhonsolo otere akhaleko ponseponse ndipo azigwiradi ntchito, kuti atsogoleri azipereka malipoti a chuma ndi a ntchito zaubusa, komanso kuti amayi apatsidwe maudindo onse amene malamulo amawalola kale. Ku Lilongwe njira yotengera zimenezi kwa anthu ilipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970: kuchoka ku mphakati kupita ku nthambi, ku parishi, ku dinale, mpaka ku likulu la arkidayosizi ku Maula. Chofunika kuunika m'parishi iliyonse n'chakuti mauthenga akuyenda mbali zonse ziwiri, ndiponso kuti zimene miphakati yanena zikulembedwa, kutumizidwa ndi kuyankhidwa.