Macheza a Mwezi Uno: Tsiku pa Doko la Nkhata Bay ndi Usiku m'Sitima ya Ilala

Mwezi uno ndifuna kukusimbirani za ulendo wa panyanja, pakuti ambiri a ife okhala kuno ku mapiri a Mzuzu tidya usipa masiku onse, koma sitidziwa makhalidwe a anthu amene msewu wao ndi madzi okhaokha.

Ndidanyamuka m'mamawa, chifunga chisanachoke, kupita kukaona mlamu wanga wa pa chilumba cha Chizumulu. Kuchokera ku Mzuzu kufika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo msewu wake ungotsika mokhotakhota, kotero kuti munthu wochoka kuno atavala jekete afika padoko ali thukuta kamukamu.

Sitima imene tidali kuilindira ndiyo Ilala. Adaipanga a kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1949, naitumiza zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique. Ndipo atailumikiza kuno kwathu, idayamba ntchito mu 1951. Pa nthawi ya ulendo wangawu idali kuyenda pakati pa Monkey Bay kumwera ndi doko la Chilumba m'boma la Karonga. Dzina lake idatenga kwa Ilala woyamba, amene amishoni a Livingstonia adalowa naye m'nyanja mu 1875, pokumbukira dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone adafera mu 1873.

Dzuwa lili pamutu tidamva kulira kwa sitima, ikuchokera kumpoto, ndipo mudzi wonse udadzuka ngati nyerere pa fupa. Amayi adayala mbale za kondowole ndi nsomba ya batala, ena nthochi ndi chinangwa. Anyamata adayamba kusenza katundu wa kuzilumba: matumba a chimanga, simenti, malata, mitolo ya nkhuni, ngakhale mbuzi ndi nkhuku, pakuti Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba zamiyala, minda yake njochepa, ndipo zambiri zimene anthu adya ndi kumangira zichokera kumtunda kuno. Adatsikanso alendo a maiko akutali, amene akwera Ilala kuti aone dziko. Iwowa adajambula zithunzi, nagula ziboliboli, nasambira pagombe, nabwerera dzuwa lisanalowe. Ndidalingalira mumtima kuti sitima ndi imodzi, koma kwa mlendo ndiyo chisangalalo, pamene kwa munthu wa pachilumba ndiyo nkhokwe, ndiyo msika, ndiyonso njira ya mwana wopita ku sukulu.

Kutada tidanyamuka. Mkati mwa Ilala muli ngati nyumba yosanja. Pamwamba penipeni pali bwalo lopanda makoma, pamene a ndalama zao amwa zoziziritsa kukhosi nagona pa matiresi, maso ali ku nyenyezi. Pansi pake pali tizipinda ta mabedi. Koma pansi penipeni, pafupi ndi injini, mpamene tidali ife ambiri, wina pa thumba, wina pa dengu, m'fungo la nsomba ndi la dizilo. Komweko ndidaona chifundo cha anthu osauka: mayi wina wokalamba, amene sadandidziwe konse, adanyema chinangwa chake chophika nandipatsa, ndipo ana a eni adagona pa miyendo ya anthu achilendo. Kunja nyali za asodzi a usipa zidali ngwee, ngati mudzi womangidwa pamadzi.

Tsono mverani chimene chandilembetsa kalatayi. Tidafika ku Chizumulu pakati pa usiku, mphepo ikuomba. Sitima sidathe kugunda kumtunda. Idaponya nangula patali, natsitsa maboti ao amalinyero, kuti atitute pang'onopang'ono. Ha! Anthu amene tidadyera pamodzi chinangwa tidasanduka adani pakhomo paja, kukankhana ndi kupondana, yense kufuna kukhala woyamba. Inenso, ndinena ndi manyazi, ndidali mmodzi wa iwo. Boti lidali kukwera ndi kutsika ndi mafunde, lodzaza kale mpaka madzi kufika m'milomo mwake, koma ine mwendo ndidautambasula ndithu. Mmalinyero wina adafuula nati, "Bambo, bwererani! Kodi mufuna kuti timire tonse?" Ndipo mayi wokalamba uja adandigwira malaya kumbuyo nati, "Mwana wanga, chilumba sichithawa. Khalani pansi." Ndidayankha, "Mwanena zoona, amayi," ndipo ndidakhala. Tidatsika pa ulendo wachitatu wa botilo, tonse amoyo, katundu wathu wouma.

Ndili chikhalire pa thumba paja ndidakumbuka za sitima ya Vipya. Iyo idali yatsopano, yachitsulo, yoposa boti lililonse. Koma pa 30 Julaye 1946 idakumana ndi mphepo yamkuntho kufupi ndi Florence Bay, kumene lero titcha Chitimba, nigubuduzika, ndipo anthu 145 adathera m'madzi. Ngati nyanja idameza chombo chotere, nanga kaboti kodzaza anthu osamvera idzakachitira chisoni kodi?

Chifukwa chake, inu amene mudzatuma ana anu kapena kupita nokha pa ulendo wotere, sungani mau awa. Mphepo ya mwera ikula m'miyezi yozizira, makamaka Juni, Julaye ndi Ogasiti. Ngati ulendo suli wofulumira, lindani nyengo yabata. Tengani kamba ndi madzi akumwa opitirira tsiku limodzi, pakuti sitima ikhoza kuchedwa chifukwa cha katundu kapena mafunde. Mwana wamng'ono akhale kumsana kapena m'dzanja lanu, osamtaya maso. Potsika, odwala, okalamba ndi amayi a makanda atsogole. Ndipo mmalinyero akati boti ladzaza, musatsutsane naye, ngakhale muli mfumu kapena mphunzitsi, pakuti iye ndiye adziwa kulemera kumene botilo lingasenze. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Ine mwambiwu ndidaumvetsa usiku umene uja, ndili ndi imvi zoyamba kumutu.

Tsalani bwino nonse, Mulungu akusungeni pamtunda ndi pamadzi pomwe. Tidzachezanso mwezi wamawa.

Ndine wanu,
Mkatekisiti wa ku Mzuzu