Pulazima imasankhidwira kunyumba

Loweruka lapitali mwana wa achemwali anga anandipeza ndisanamwe n'komwe tiyi. "Amalume, mundiperekeze m'tauni, lero ndikugula pulazima." Mnyamatayu anayamba ntchito chaka chatha mu ofesi ina ku City Centre, akuchita lendi kanyumba ka kuseri kwa mpanda wina ku Area 10, ndipo ndalama ya TV imeneyi wakhala akuisunga miyezi yambiri, masiku ena kudzimana nkhomaliro. Zofuna zake ndi ziwiri basi: mpira Loweruka ndi Lamulungu, ndi magemu a pa PlayStation akaweruka. Ndinavala nsapato msangamsanga, chifukwa ndalama ya thukuta lotere ikapita pa chinthu cholakwika, mtima umandiwawa ngati yatayika ndi yanga.

Koma ndinamuuza kuti tisanapite kusitolo tidzere kaye kwake. Anadabwa, komabe anavomera. Titafika tinatenga chingwe n'kuyeza kuchokera pakhoma mpaka pamene pali sofa yake: mamita awiri ndi kachidutswa. Zenera lili kumadzulo, moyang'anizana ndi khoma lomwe amafuna kupachikapo TV. Mipando ina iwiri ili cham'mbali, pafupi ndi khomo. Dekoda ilipo, PlayStation ndi ija ya nambala 4, soketi ndi imodzi. Zonsezi tinazilemba pakapepala, ndipo kapepala kameneko ndi kamene kanatitsogolera tsiku lonse.

Tinayambira ku Bwalo la Njobvu ndi mu Malangalanga, kenako tinawoloka mlatho kupita kumasitolo akuluakulu a tsidya linalo. Paliponse anthu akuti pulazima, ngakhale TV za plasma zenizeni makampani monga Panasonic, Samsung ndi LG anali atasiya kupanga pofika kumapeto kwa 2014. Latsala ndi dzina chabe. Zimene zadzaza m'mashelefu lero pafupifupi zonse ndi za LCD zowalitsidwa ndi timagetsi ta LED kumbuyo, ndipo zija amazitcha QLED zili m'banja lomweli.

M'sitolo, TV iliyonse imaoneka ngati mkwatibwi. Amaikapo maluwa akutseguka pang'onopang'ono, uchi ukudontha, mbalame itatera pamtengo, zonse zochokera pa fulashi, kuwala atakukweza mpaka kumapeto. Mnyamata wanga anaima pakamwa yasa kutsogolo kwa ina ya mainchesi 65. Ine ndinapempha wogulitsa kuti achotse maluwawo atiikire mpira. Anachita mphwayi pang'ono, koma anasintha. Goloboyi atamenya mpira wautali, kamera n'kuutsatira, tinaona mpirawo ukukoka kamchira, udzu ukusanduka phala lobiriwira, manambala a pamsana pa osewera osawerengeka mpaka kamera itaima. Pa TV ina yaying'onopo, pambali pomwepo, mpira womwewo umaoneka wobulungira bwinobwino ulendo wonse. Wokonda mpira ayese TV ndi mpira, ndipo wogulitsa wokana kukuikirani masewero wakuuzani kale kanthu.

Mawu amene ogulitsa amawakonda kwambiri ndi 4K. N'zoona, 4K ili ndi timadontho 3840 chopingasa ndi 2160 chotsika, kuchulukitsa kanayi ta Full HD, ndipo pa TV za mainchesi 50 kupita m'tsogolo n'kovuta kupeza yosakhala 4K. Koma funso ndi lakuti kunyumba kwanu kukulowa chiyani. Mpira wa pa SuperSport ambiri timaulandira mu HD, ndipo matchanelo ena ambiri safika n'komwe pa HD. TV ya 4K imangotambasula chithunzi chaching'onocho kuti chidzaze galasi, ndiye zina zimatambasula mwaluso, zina zimasambula zilema zonse. Chithunzi chofooka pa galasi la mainchesi 65, munthu uli mamita awiri, chimatopetsa maso. Ofuna 4K yeniyeni kudzera pa intaneti adziwe kuti pa Netflix imatha kudya magigabaiti 7 pa ola limodzi. Kumayadi kwa amene anaika Starlink, yomwe inafika m'dziko muno mu 2023, zimenezo si nkhani. Kwa wodalira bandulo ya Airtel kapena TNM, ndi nkhani yaikulu.

Tisaiwalenso zija za mu Ogasiti 2023, pamene MultiChoice inalengeza zosiya DStv kuno itasemphana ndi MACRA pa mitengo, mpaka nkhani inakathera kukhoti mu Disembala chaka chomwecho. Ambiri tinazindikira nthawi imeneyo kuti TV ndi galasi chabe, zoonerazo zimachokera kwina. Choncho werengani mabowo a HDMI kumbuyo, akhale atatu kapena kuposa, kuti dekoda, gemu ndi china chimene mungadzafune mawa zonse zipeze polowera. Ofuna matchanelo athu monga MBC, Times ndi Zodiak pa mlongoti wamba afunse ngati TV-yo ili ndi DVB-T2, njira imene Kiliye Kiliye imaulutsira.

Pa makatoni pamalembedwa manambala akuluakulu: 120, 200, 240, pambali pake mawu ngati Motion Rate kapena TruMotion. Amenewo ndi manambala otsatsira malonda. Nambala yeniyeni ndi yonena kuti galasi limasintha chithunzi kangati pa sekondi, ndipo TV zambiri za mtengo wapakati zimasintha ka 50 kapena 60, zodula ka 100 kapena 120. Mpira wa kuno umaulutsidwa pa 50. N'chifukwa chake ndimachenjeza anthu za TV zobwera m'makontena kuchokera ku America: zinapangidwira magetsi a mavoti 120 pomwe athu ndi 230, zina sizilandira bwino chithunzi cha 50, ndipo mlongoti wake sugwira matchanelo a kuno. Zochokera ku Britain n'zabwinoko, pulagi yake ndi yofanana ndi yathu ya mano atatu.

Tsopano za magemu, zimene mnyamata wanga amazidziwa kuposa ine ndipo ndinamvetsera akundifotokozera. Gemu ya mpira ija aliyense amaitchabe FIFA, ngakhale kuyambira 2023 dzina lake ndi EA Sports FC, imafuna kuti chala chikadina, wosewera amenye nthawi yomweyo. TV imatenga kanthawi kukongoletsa chithunzi isanachionetse, ndipo kanthawi kameneko pa TV zina kamapitirira mamilisekondi 100. Poonera filimu simungakamve. Pa gemu, wotchinga kumbuyo amakhala wakulanda kale mpira iwe ukuganiza kuti wapatsira. Mankhwala ake ndi Game Mode, imene imazimitsa zokongoletsazo n'kutsitsa kuchedwako kufika cha m'ma 10 kapena 20 pa TV zabwino. Iye anali atanyamula PlayStation yake m'chikwama, ndipo m'sitolo ina anatilola kuilumikiza. Anasewera mphindi zitatu pa TV iliyonse mwa ziwiri. Sanafunikire kuwerenga chilichonse, zala zinamuuza.

Wogulitsa wina anayesa kumukokera ku TV ya 120 yokhala ndi HDMI 2.1, yodula kwambiri. Zimenezo ndi zothandiza kwa mwini PlayStation 5, imene inatuluka mu Novembala 2020, kapena Xbox Series X. PlayStation 4 sipitirira 60. "Nanga ndikadzagula ya 5, amalume?" Ndinamuyankha kuti idzasewera bwinobwino pa TV ya 60, ndipo ndalama yotsalayo ili ndi ntchito ina lero lomwe.

Zenera lija la kumadzulo linatithandiza kukana OLED, mtengo wake tisanaufunse n'komwe. OLED ndi yokoma zedi m'chipinda chamdima, zakuda zimada ndithu. Koma mpira wa ku England wa Loweruka umayamba 4 koloko kapena 5 koloko madzulo nthawi yathu, malinga ndi nyengo ya kwawoko, ndipo dzuwa la Okutobala ku Lilongwe likalowa pazenera nthawi imeneyo, galasi losawala mokwanira limasanduka kalilole. Komanso OLED ikhoza kusunga chipsera cha zinthu zosasuntha, monga kabokosi ka zigoli pakona, ngati ikhala pa tchanelo chimodzi tsiku ndi tsiku. Kwa mabwana a ku Area 43 okhala ndi chipinda chapadera cha makatani okhuthala, iyende. Kwa ife a pabalaza pamodzi, LED yowala bwino ndi imene ikugwirizana ndi moyo wathu.

Chimene ndinalimbikirapo kwambiri ndi mipando iwiri ya cham'mbali ija. Ndinamuuza kuti pa TV iliyonse asaime kutsogolo kokha, asunthe mpaka pambali ngati munthu wokhala pafupi ndi khomo. Zina mitundu imafwifwa ukangopatuka pang'ono, jezi yofiira ya Flames n'kuoneka ngati yachapidwa zaka zisanu. Zina, makamaka za galasi la IPS, zimasunga mtundu ngakhale uli pambali, ngakhale kuti zakuda zake sizida kwenikweni. Olemba za TV kunja amaganizira munthu mmodzi atakhala pakati pa sofa. Ife sitionera choncho. TVM itayamba mu 1999, m'dera lathu nyumba zokhala ndi TV zinali zowerengeka, ndipo ana tinkadzazana pansi, ena pazenera, mwini nyumba osathamangitsa munthu. Mpaka lero mpira ukayamba, khomo limagogodedwa. Amene wabwera mochedwa n'kukhala pambali nayenso ndi mlendo wako, ayenera kuona chigoli monga ukuchionera iwe.

Ndikanena za chigoli ndimakumbuka usiku wa pa 25 Januwale 2022, Flames ikusewera ndi Morocco ku Yaoundé mu ndime ya matimu 16 ya AFCON. Namondwe Ana anali atangowononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo anthu tsiku lonse ankangofunsana kuti kodi tionera kuti. Ife tinasonkhana kwa mnzathu amene anali ndi TV yaying'ono ya mainchesi 32, batire ndi inverter. M'mphindi ya 7 Gabadinho Mhango anaona goloboyi Yassine Bounou atatuluka pang'ono, n'kuumenya ali kutali kwenikweni. Mpira uja tinauona ukukwera, ukutsika, mpaka mu ukonde, anthu oposa khumi pa kagalasi kamodzi. Tinagonja 2-1, koma mfuu wa usiku umenewo ndimaumvabe. Nyumba zina za mapulazima akuluakulu zinali zii mumdima.

Choncho yang'anani kachipepala ka kumbuyo kwa TV kolemba mawati. Ya mainchesi 32 imadya ochepa kwambiri poyerekeza ndi ya 55 kapena 65, ndipo PlayStation nayo imadya yake. Ngati muli ndi sola kapena batire, kusiyanako n'kumene kunganene ngati mudzaone mpira mpaka wezulo yomaliza kapena udzakutherani pa hafu. Ndipo musatuluke m'sitolo opanda guard ya TV, kabokosi kaja kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike akangobwera. Ine yanga yoyamba inapsa m'nyengo ya dzinja, chiphaliwali chitadzera m'chingwe cha dishi, kotero mvula ya mabingu ikayamba ndimazula zonse, pulagi ndi chingwe chomwe.

Mitengo sindiitchula, chifukwa ikusintha nyuzipepala isanafike n'komwe m'manja mwanu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo TV zonse ndi zoitanitsa kunja. Pa chifukwa chomwechi, ikafa simungathamangire kukagula ina. Funsani lisiti yolembedwa nambala ya TV-yo, funsani kuti waranti ndi ya miyezi ingati ndipo ikavuta mudzapita nayo kwa yani muno mu Lilongwe. Dzina la pagalasi muliwerenge chilembo ndi chilembo, poti zilipo zobera maina otchuka posintha chilembo chimodzi. Zochokera ku Joni si zoipa, Hisense ili ndi fakitale ku Atlantis pafupi ndi Cape Town kuyambira 2013, koma yobwera pa basi ndi munthu wamba ikasweka kapena kuvuta, mlandu wake ulibe koupititsa. Iyatseni m'sitolo momwemo, muike chithunzi choyera kenako chakuda, muyang'ane ngati palibe kadontho kakufa kapena chigamba chowala m'makona.

Mnyamata wanga anasankha ya mainchesi 50, ya 60, yokhala ndi Game Mode ndi mabowo atatu a HDMI. Pa ndalama yotsala anagula guard, chitsulo chopachikira pakhoma ndi nsalu yokhuthala ya katani. Tinaikweza mu takisi itaimirira, iye ataigwira ndi manja awiri njira yonse mpaka ku Area 10. Pamene timamaliza kumanga zitsulo, mpira wa madzulo unali utangoyamba. Kunamveka kugogoda: anali achikulire olondera pageti, chipewa chili m'manja. "Lowani, bambo," anatero mnyamatayo, n'kuwakokera mpando uja wa pafupi ndi khomo. Iye mwini anakagwada pambali pawo kaye, kuyang'ana galasi kuchokera pamenepo, kenako anaimirira n'kukatembenuzira TV pang'ono kumbali yawo.