Disiki yachinayi yochokera ku Joni

Kabokosi kakuda kamene kamakhala pansi pa TV kunyumba kwathu kanayamba kulira usiku wina mwezi wathawu. Nditayang'ana pafoni ndinapeza uthenga woti malo atsala pang'ono kutha. Kabokosika amakatcha NAS, kakompyuta kopanda sikirini kamene ntchito yake ndi kusunga mafayilo basi. Aliyense wa m'banja mwathu foni ikadzaza amakhuthulira mmenemo: zithunzi za ana, masatifiketi ojambulidwa, mavidiyo a maukwati. Mulinso vidiyo ya malemu bambo athu akulankhula pa chinkhoswe cha mchemwali wanga. Kwina kulikonse mawu awo sanajambulidwe.

M'kabokosimo munali madisiki atatu, iliyonse ya 4TB, olumikizidwa m'njira yotchedwa RAID 5. Dzina loti RAID linatchuka ndi pepala limene akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley analemba mu 1988, koma nzeru yake ngakhale mwana wa Sitandade 3 akhoza kuimva. Tiyerekeze kuti disiki yoyamba yasunga nambala 3, yachiwiri yasunga 5, ndipo yachitatu yalemba 8, kuphatikiza kwa ziwirizo. Yachiwiri ikafa, makina amachotsa 3 pa 8 n'kupezanso 5 uja. Masamu enieniwo ndi osiyana pang'ono, ndipo mayankho otetezerawo amamwazidwa pa madisiki onse, koma mfundo yake ndi yomweyo. Mtengo wa chitetezochi ndi malo okwana disiki imodzi. N'chifukwa chake madisiki atatu a 4TB ankandipatsa 8TB, osati 12TB.

Kabokosika kali ndi zipinda zinayi, chimodzi chinali chopanda kanthu. Ndiye ndinamutumizira uthenga msuweni wanga amene amabwera kuchokera ku Joni kuti andigulire disiki ina. Anafika akumwetulira. "Achimwene, ndakugulirani ya 8TB, ya 4TB ija ndi ya ana." Ndinathokoza, koma mumtima ndinalira ndi ndalama zimene zinapita. Mu RAID 5 wamba, disiki iliyonse imawerengedwa molingana ndi yaing'ono kwambiri pagululo. Ya 8TB ija inalowa ngati ya 4TB, theka linalo langokhala. Malo anakwera kuchoka pa 8TB kufika pa 12TB, zomwe ndikanapezanso ndi disiki yotchipa. Makina ena, monga a Synology ndi njira yawo ya SHR, amatha kugwiritsa ntchito madisiki osiyana kukula, komabe pamafunika aakulu awiri kuti malo otsalawo ayambe kugwira ntchito.

Musadabwenso mukaona kuti kompyuta ikuonetsa 3.6 pa disiki imene pabokosi palembedwa 4TB. Sanakubereni. Ogulitsa amawerenga m'ma 1,000, kompyuta imawerenga m'ma 1,024.

Tsopano pamene pali nkhani ndi apa. Ine ndinkaganiza kuti kuwonjezera disiki kuli ngati kumanga nkhokwe yachiwiri pambali pa yoyamba. Ayi ndithu. Zimafanana ndi kukuza nkhokwe chimanga chili momwemo. Makina amayenera kunyamula kachidutswa kalikonse kamene kanamwazidwa pa madisiki atatu n'kukayalanso pa anayi, kwinaku akuwerengetsanso masamu otetezera aja. Madisiki onse amawerengedwa ndi kulembedwa kuchokera koyambirira mpaka kumapeto, osapuma. Disiki yokalamba imene yakhala ikudzikoka mwakachetechete, nthawi yake yogwera ndi imeneyi. Imodzi ikafa, RAID 5 imapirira. Ikafanso ina yoyambayo isanalowedwe m'malo, zonse zapita, ndi mawu a bambo omwe.

Ndiye ndisanadine batani ndinachita zinthu zimene ulesi unkandiuza kuti ndizilumphe. Ndinabwereka disiki ya USB n'kukopera zinthu zimene sitingazipezenso, kuyambira vidiyo ija, ndipo ndinaitsegula pa laputopu kuti ndione ndi maso kuti ikusewera mpaka kumapeto. Kenako ndinayeza thanzi la madisiki akale ndi pulogalamu ya SMART imene imapezeka m'makina oterewa. Mafilimu ndi nyimbo sindinavutike nazo, zimenezo zikatayika tidzazipezanso.

Ntchito yoyalanso mafayilo inatenga pafupifupi masiku awiri. Tsiku lachiwiri masana, kamzere kali pa 61 peresenti, magetsi anathima. Koma abale, mtima unagunda ngati ng'oma. Chimene chinandipulumutsa ndi UPS, kabatire kamene ndinagula monyinyirika chaka chatha. Sikasunga moto nthawi yaitali, koma kanapatsa makina mpata wozima mwadongosolo, ndipo magetsi atabwera ntchito inapitirira pamene inalekera. Ngati mulibe UPS kapena sola yodalirika, ine ndingati musayambe n'komwe. Kuzima kwadzidzidzi pakati pa ntchito imeneyi mwina mungapulumuke, koma si juga yoti muchite ndi zithunzi za banja lonse.

Kwa anzanga amene mumakonda ZFS kapena TrueNAS, kale simukanatha kuwonjezera disiki imodzi pa gulu la RAIDZ. Mumayenera kugula gulu lina lathunthu, kapena kusintha madisiki onse imodziimodzi ndi aakulu. Zinasintha ndi OpenZFS 2.3 imene inatuluka mu Januwale 2025. Komabe mafayilo akale amakhalabe ndi kagawidwe kawo kakale mpaka atalembedwanso, ndiye malo amene mungapeze poyamba amakhala ochepa kuposa mmene masamu a papepala akunenera.

Pali china chimene sindinachiganizire mpaka ntchito itatha. Madisiki tsopano ndi anayi, koma ololedwa kufa akadali amodzi. Ndachulukitsa zinthu zimene zingawonongeke, chitetezo chili chomwe chija. Munthu akafika pa madisiki asanu kapena asanu ndi imodzi, ndi bwino aganize za RAID 6, imene imadya malo a madisiki awiri koma imapirira awiri akafa. Ndipo RAID iliyonse, mwana akafufuta foda mwangozi, imafufuta pa madisiki onse nthawi imodzi. Mphenzi kapena wakuba sasankhanso disiki, amatenga kabokosi konse.

Zipinda zonse zinayi tsopano zadzaza. Malo akadzathanso, njira yotsala ndi kuchotsa atatu akale aja imodziimodzi n'kuika a 8TB, ndipo ulendo uliwonse ndidzadikira makina amalize kumanganso ndisanakhudze yotsatira. Pamenepo ndi pamene disiki ya msuweni wanga idzagwire ntchito yonse, ndipo malo adzafika 24TB. Ndamuuza kale kuti akamadzabweranso asagule yoposa pamenepo.

Disiki ya USB ija sindinabweze. Ndinamulipira mwini wake, n'kuikulunga m'kansalu, ndipo Lamlungu lapitali ndinakaisiya kwa mayi. Anandifunsa ngati ndi imene muli bambo. Nditavomera, anakaiika m'sutikesi mmene amasungamo zitenje zawo za kutchalitchi.